Botolo la Mowa ndi Malire a Mawu Akuti Kutsuka

Mayi wofulula mowa pakhomo akauza mwana wake kuti, "Iwe, kanditsukire mabotolo ali kuseri kwa khitchini aja," mwanayo safunsa kuti atsuke motani. Amatunga madzi, n'kuthira pang'ono m'botolo lililonse, n'kutseka pakamwa pake ndi chala chachikulu, n'kukhutchumula kawiri kapena katatu, kenaka n'kukhuthula. Akabwerera n'kunena kuti, "Amayi, ndatsuka," sananame, pakuti monga mwa Chichewa watsukadi. Koma pakatha sabata ziwiri, mowa uja n'kupezeka utasasa, kapena botolo limodzi litaphulika pakati pa usiku, mlandu umagwera yisiti, shuga, kutentha kwa mwezi wa Okutobala, mwinanso mnansi wakaduka. Botolo silitchulidwa pa mlanduwo, chifukwa chinthu chimene chatsukidwa sichikayikiridwanso.

Pa botolo la mowa pali ntchito ziwiri zosiyana. Yoyamba ndi kuchotsa litsiro, nsenga ndi chuku, zimene diso lingathe kuona. Yachiwiri ndi kupha tamoyo tosaoneka timene timatsalira pa galasi ngakhale litawala chotani. Chichewa cha tsiku ndi tsiku chimaphimba ntchito zonse ziwiri ndi mneni mmodzi, ndipo pamene dzina lili limodzi, anthu amagwira ntchito imodzi n'kuyesa kuti amaliza. Olankhula chinenerochi, kaya ali ku Dedza, ku Chipata, ku Angónia, ku Harare kapena ku Johannesburg, ayenera kuzolowera kutchula ntchito yachiwiriyo payokha, ndi mawu amene sangasokonezeke ndi ena.

Wina asaganize kuti Chichewa n'chosauka pa za ukhondo. Munthu amasamba thupi, amasukusula kumaso, amachukucha m'kamwa. Zovala amachapa, mbale amatsuka, pansi amakolopa, mphika wopserera amaukwecha, ndipo chimene chapakidwa sopo amachitsukuluza. Aneni onsewa ndi chuma, koma ali ndi khalidwe limodzi: amasiyana potengera chinthu chimene chikusamalidwa, kapena mmene dzanja likuyendera pochisamala. Palibe ndi mmodzi yemwe amene amanena za chimene chatsala chamoyo ntchito ikatha. Ngakhale msintho wochititsitsa, uja wotulutsa mawu akuti kutsukitsitsa, umangowonjezera mphamvu ndi khama pa ntchito yomweyo. Wotsukitsitsa botolo wachita bwino, koma akadali pa ntchito yoyamba.

Panali chifukwa chimene mneni mmodziyo anakwanira kwa zaka zambiri. Ziwiya za mowa wa makolo zinali mbiya, mtsuko ndi chipanda, zonse za kukamwa kwakukulu, zolowa dzanja ndi diso. Mowa wake unali wamasese, wa phala la chimanga ndi chimera cha mawere kapena mapira, umene umamwedwa ukadali kuwira ndipo umatha pa masiku owerengeka, pa dima, pa maliro kapena pa chinamwali. Kuwawasa kwake n'kofunika, pakuti ndiko kukoma kwa masese, ndipo amene amakubweretsa ndi mabakiteriya omwewo amene amasasitsa chambiko. Mbiya yadothi imasunga m'timing'alu take yisiti wa mowa wapitawo, amene amathandiza kudzutsa mowa wotsatira. Motero mayi amene sankafuna kuti mbiya yake ya mowa ikwechedwe ngati mphika wa ndiwo ankadziwa chimene ankachita. Mowa wotero unkatha tamoyo towononga tisanapeze nthawi yogwira ntchito yawo.

Botolo linasintha zinthu zitatu nthawi imodzi. Kukamwa kwake n'kwakung'ono, kotero kuti dzanja silifika pansi pamene nsenga zimaumira, ngakhale pa phewa pamene chuku chimabisala. Limatsekedwa ndithu, kotero kuti mpweya wobadwa m'kati ulibe potulukira. Ndipo cholinga chake n'kusunga chakumwa kwa sabata kapena miyezi, nthawi yokwanira kuti tamoyo tochepa tichulukane kufikira tilande botolo lonse. Dzina lakuti botolo linabwerekedwa ku Chingerezi, monga lakuti kachasu linachokera ku Chipwitikizi, ndipo ku Mozambique ambiri amatchula chiwiyachi ndi dzina la Chipwitikizi lakuti garrafa. Chiwiya chinafika ndi dzina lake, koma mneni wochisamalira anatsala wa nthawi ya mbiya.

Zimene zimachitika m'botolo lotsukidwa mwa njira ya mwana uja n'zodziwika bwino. Mabakiteriya a mtundu wa Acetobacter akapeza mpweya pang'ono amasandutsa mowa kukhala viniga. A mtundu wa Lactobacillus, amene m'masese ndi abwenzi, mu mowa woyera wa balere amabweretsa kuwawasa kumene wofulula sanakuitane. A mtundu wa Pediococcus amatha kuchititsa mowa kutanuka ngati therere. Woopsa kwambiri pa galasi ndi yisiti wakuthengo, amene amadya shuga wosiyidwa ndi yisiti wofululira, n'kupitiriza kutulutsa mpweya m'botolo lotseka mpaka chitsekerero chitafwamphuka kapena galasi litasweka. Zidutswa za botolo lophulika zimatha kuboola diso la mwana amene anangotumidwa kukatenga chinthu m'kabati.

Ofulula a ku Ulaya nawonso anakhala zaka mazana ambiri akudabwa ndi mowa wowonongeka. Munali mu 1876 pamene Louis Pasteur wa ku France anasindikiza buku lake la maphunziro a mowa, limene linaonetsa kuti matenda a mowa amabwera ndi tamoyo tolowerera kuchokera kunja. Mu 1883 Emil Christian Hansen, akugwira ntchito ku Carlsberg mu mzinda wa Copenhagen, anapeza njira yolerera yisiti wa mtundu umodzi wosasakanikirana ndi wina. Kusiyanitsa kumene Chingerezi cha ofulula chimachita lero pakati pa clean, sanitise ndi sterilise kunakhazikika pambuyo pa ntchito zoterezi. Zinenero zimenezo sizinabadwe ndi malire amenewa. Zinawalemba pamene chidziwitso chinawafuna, ndipo Chichewa chingachite chimodzimodzi ndi zipangizo zake.

Nkhaniyi inafika pakhomo pa anthu ambiri a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique okhala ku South Africa mu 2020. Boma la kumeneko litaletsa kugulitsa mowa kuyambira kumapeto kwa Malichi chifukwa cha mliri wa Covid-19, anthu ochuluka anayamba kufulula m'nyumba, makamaka mowa wa chinanazi, shuga ndi yisiti wophikira buledi. Ambiri mwa iwo anali asanafululepo, ndipo ankathira chakumwacho m'mabotolo alionse amene anali pafupi. Malangizo a kasamalidwe ka mabotolo ankapezeka mochuluka m'Chingerezi. Wowamasulira kwa mnzake m'Chichewa, akafika pa mawu atatu aja, anali ndi mneni mmodzi pafupi, ndipo ntchito ziwiri zinkasanduka imodzi pakati pa pakamwa pa wonena ndi khutu la womva.

Ntchito yoyamba imayamba botolo likangotha. Kulitsukuluza nthawi yomweyo, nsenga zisanaume, kumachepetsa ntchito yonse yotsatira. Botolo limene lakhalitsa liyenera kuviikidwa m'madzi otentha a sopo wotsukira mbale wopanda fungo, kenaka n'kukwechedwa ndi burashi yaitali yofika pansi ndi pa phewa. Popanda burashi, mchenga wokhakhala kapena timiyala tosalala tokhutchumulidwa m'madzi timagwira ntchito pa galasi, koma pa pulasitiki timasiya zikande zimene zimasanduka mapanga a tizilombo. Sopo ayenera kutsukuluzidwa mpaka atatheratu, pakuti wotsalira amapha thovu la mowa ndi kuwononga kakomedwe kake. Pomaliza botolo lilozetsedwe ku dzuwa ndi kusuzumiridwa. Lokhala ndi banga losachoka, mng'alu kapena mlomo wobenthuka lapuma pa ntchito ya mowa. Ndipo mowa umene udzakhale ndi mpweya uyenera botolo lochindikala limene linapangidwira chakumwa cha mpweya, pakuti la vinyo wamba kapena la mowa waukali silinaumbidwe kuti lipirire mphamvu imeneyo.

Ntchito yachiwiri imabwera pambuyo, ndipo dongosololi silitembenuzika. Klorini akakumana ndi litsiro amathera mphamvu yake pa litsirolo, ndipo tizilombo tobisala kunsi kwa nsenga zouma timapulumuka. Njira imene aliyense angaifikire ndi kuwiritsa: mabotolo agalasi aikidwe m'madzi asanatenthe kuti asasweke, amizidwe onse, ndipo madziwo akayamba kubwadamuka apitirire mphindi zosachepera 10. Njira ina ndi ya bulitchi wa m'nyumba wopanda fungo lowonjezera, monga Jik: supuni yaikulu imodzi, imene ndi mamililita 15, m'malita 4 a madzi ozizira, mabotolo n'kukhalamo mphindi 20. Akatero atsukuluzidwe ndi madzi owiritsa, chifukwa klorini wotsalira amapatsa mowa fungo la kuchipatala, ndipo madzi osawiritsa amabwezera m'botolo zimene zangophedwa kumene. Bulitchi asasakanizidwe ndi viniga kapena mankhwala ena otsukira, pakuti zimatulutsa mpweya wowononga mapapo. Amene ali kufupi ndi masitolo a zipangizo zofululira, monga ku South Africa ndi ku Britain, amapeza mankhwala a asidi kapena a ayodini amene safuna kutsukuluza akasungunulidwa pa mlingo wolembedwa pa chikutiro chake. Botolo lapulasitiki silipirira madzi owira, limakhwinyata, kotero njira yake ndi ya mankhwala.

Zonsezi zichitike tsiku lothira mowa, pakuti botolo lophedwa tizilombo dzulo n'kugona poyera lasanduka lotsuka chabe. Liume lokha litazondoka, osalipukuta ndi kansalu ka m'khitchini. Zitsekerero, fanelo, paipi yokokera mowa ndi manja a wothirayo zili pa lamulo lomwelo. Botolo limodzi losamalidwa bwino silingapulumutse mowa umene wadutsa m'paipi ya chuku.

Funso limene likukhudza okonda chinenero ndi lakuti ntchito yachiwiriyi itchedwe chiyani. Mawu akuti kuyeretsa amabwera msanga m'maganizo, koma anyamula katundu wambiri. Kuyera ndi mtundu wa ufa ndi mkaka, ndi kuwala kwa mbale yotsuka, ndiponso ndi chiyero cha m'tchalitchi. Wouzidwa kuti ayeretse botolo adzaliwalitsa n'kulekera pomwepo, ndipo chikomekome cha mkuyu chija chidzabwerera, m'kati muli nyerere. Mawu akuti kusanitaiza anafala mu 2020, koma m'makutu a ambiri anamatirira ku kamadzi kopaka m'manja pa khomo la banki kapena sitolo, ndipo agogo a kumudzi amene amafulula kwambiri sanawalandire. Mawu akuti kuwiritsa ndi omveka, koma amatchula njira imodzi mwa zingapo, ndipo wowatsata pa botolo lapulasitiki adzaliwononga. Oopsa kuposa onse ndi akuti kuthira mankhwala. M'Chichewa mankhwala ndi a kuchipatala, ndi a m'munda, ndi a sing'anga, ndiponso ndi poizoni. Mayi amene anganene pagulu kuti wathira mankhwala m'mabotolo ake a mowa angadzuke m'mawa alibe wogula, mwinanso ataitanidwa ku bwalo la mfumu.

Otsala ndi mawu akuti kupha tizilombo, ndipo ndiwo oyenera kukhazikika. Amanena chotsatira cha ntchito, osati kayendedwe ka dzanja, choncho amakwanira kuwiritsa, bulitchi ndi njira ina iliyonse. Azaumoyo anawafalitsa kale pa nkhani za madzi akumwa ndi kusamba m'manja, kotero si achilendo. Amawolokanso malire mosavuta, pakuti wa ku Lusaka amene amati tuzilombo ndi wa ku Lilongwe amene amati tizilombo kapena majeremusi amamvana popanda womasulira. Chofooka chawo chilipo: gulu la Ka-Ti limangochepetsa chinthu, ndipo tizilombo tingakhalenso nyerere ndi anankafumbwe, zimene zimaoneka. N'chifukwa chake pophunzitsa koyamba mawuwa ayenera kunenedwa athunthu, kupha tizilombo tosaoneka ndi maso, mpaka khutu litazolowera. Kutalika kwake si mlandu. Mawu asanu omveka aposa amodzi osocheretsa.

Otsutsa ali ndi mfundo zimene siziyenera kunyozedwa. Ena amati mowa umadziteteza wokha, ndipo pali choonadi pamenepo: ukali wa mowa ndi kuwawasa kwake zimalepheretsa mabakiteriya ambiri oyambitsa matenda, kotero botolo losasamalidwa nthawi zambiri limawononga mowa, osati womwa. Koma chitetezo chimenechi n'chochepa pa thobwa, munkoyo ndi zakumwa zina zotsekemera za ukali wochepa, zimene zimagulitsidwa m'mabotolo apulasitiki ogwiritsidwa kale ntchito ndipo zimamwedwa ndi ana. Dziko la Malawi linataya anthu oposa 1,700 pa mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022, ndipo aliyense amene anaona nthawi imeneyo akudziwa kuti madzi otsukuluzira chiwiya si nkhani yaing'ono. Pali msamphanso wina wa chinenero pano. Mneni wakuti kuwira amanena za madzi a pamoto ndiponso za mowa wa m'mbiya, monga momwe Chilatini chinatengera dzina la kuwira kwa mowa ku mneni wa kuwira kwa madzi. Thovu n'lofanana, koma kuwira kwa pamoto kumapha tamoyo pamene kuwira kwa m'mbiya ndi ntchito ya tamoyo. Mowa umene wawira usayesedwe ngati madzi owiritsa.

Ena amati nkhuni ndi makala zakwera mtengo, ndipo kuwiritsa mabotolo makumi awiri ndi ndalama. N'zoona. Koma supuni imodzi ya bulitchi ingasamalire mabotolo ambiri, ndipo mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi shuga, zipatso, nkhuni ndi masiku a ntchito amene amatayika chigubu chonse chikasasa. Enanso amati kusintha mawu sikusintha manja. Komatu malangizo a pakhomo amayenda ndi mawu. Mwana amachita chimene watumidwa, ndipo ntchito imene ilibe dzina situmidwa.

Pali malire amene ngakhale mawu abwino sangawadutse, ndipo ayenera kunenedwa poyera. Botolo kapena chigubu chimene munali mankhwala a m'munda, parafini, petulo kapena oyilo wa galimoto sichitsukika ndipo sichiphedwa tizilombo, chifukwa choopsa chake si chamoyo. Pulasitiki amamwa mankhwala otero, ndipo kachasu amasungunula zimene madzi analephera kuchotsa. Chiwiya chotero chili ndi mneni wake wachitatu, amene ndi kuboola ndi kutaya. Momwemonso masese akadali kuwira satsekeredwa m'botolo ngakhale litasamalidwa chotani, ndipo n'chifukwa chake paketi ya Chibuku imakhala ndi potulukira mpweya pamwamba.

Malire ena anaonekera ku Chitima, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, mu Januwale 2015. Anthu 75 anamwalira atamwa mowa wa pombe pa mwambo wa maliro, ndipo wofulula mowawo anali mmodzi wa omwalirawo. Mphekesera yoyamba inali yakuti wina anathiramo ndulu ya ng'ona. Patapita miyezi, kafukufuku anapeza kuti ufa wa chimanga umene unagwiritsidwa ntchito unali utanyowa ndi madzi osefukira n'kuwonongeka, ndipo munamera bakiteriya wotchedwa Burkholderia gladioli, amene amatulutsa poizoni wosaphedwa ndi moto. Kutsuka ziwiya sikukanapulumutsa anthu amenewa, pakuti imfa inalowera ku ufa. Koma nkhaniyi ikuonetsa chimene chimachitika pamene anthu alibe chizolowezi chotchula mdani wosaoneka: maso amatembenukira kwa munthu. Mudzi umene umalankhula za tizilombo pa ntchito wamba ngati ya mabotolo umakhala wokonzeka kufunsa za ufa, madzi ndi ziwiya usanayambe kuloza chala mnansi.

Udindo wokhazikitsa mawuwa uli ndi omasulira timapepala ta zaumoyo, aphunzitsi a Chichewa ndi Cinyanja, owulutsa mawu pa wailesi, ndi onse olemba malangizo a zophikaphika m'chinenerochi. Pomasulira asamaphatikize ntchito ziwiri m'mawu akuti tsukani bwino. Alembe mizere iwiri, woyamba wa kutsuka, wachiwiri wa kupha tizilombo, uliwonse ndi mlingo wake ndi mphindi zake. Dikishonale imatsatira pakamwa pa anthu, ndipo zimene zanenedwa kawirikawiri pa wailesi ndi pa msika zimadzalowa m'buku pa nthawi yake.

Ntchito yeniyeni idzachitikira kuseri kwa khitchini kuja. Mwana akadzabwera n'kunena kuti, "Amayi, ndatsuka," mayiyo adzakhale ndi funso lachiwiri lokonzeka: "Wachita bwino mwanawe. Nanga tizilombo wapha?" Mwana amene wamva funso limeneli kawiri sadzadikira kulifunsidwa kachitatu. Adzayamba yekha kutereka madzi pamoto asanatenge burashi, kuti pomaliza kukwecha apeze atawira.